Dimba lathu ku Matero: tigawane mabedi kapena tipitirize kulima pamodzi?

Mlembi wa dimba, Matero

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndabwera ndi nkhani yomwe yatigawanitsa ku dimba lathu, ndipo ndikupempha nzeru zanu tisanakumane Loweruka likudzali. Kwa amene simukulidziwa, dimbali lili kuseri kwa tchalitchi china kuno ku Matero mu Lusaka, pamalo pomwe kale anthu ankatayapo zinyalala usiku. Tinaliyamba mu 2024, mvula itadula pakati pa dzinja, chaka chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilalacho chinali tsoka logwera dziko lonse. Unga unakwera mtengo, ndiwo ku msika wa Soweto nazo zinakwera, ndipo abusa anatilola kulima pamalopo bola tisamangepo chinthu chokhalitsa. Oyambitsa tinali amayi a mumpingo, tonse a kum'mawa, koma lero tilipo mabanja opitirira makumi awiri, ndipo ambiri sapemphera nafe. Muli Abemba, Atonga, bambo wachikulire wa Chilozi amene anapuma ntchito ku njanji, mayi wamasiye wochokera ku Congo, ndi bambo wa ku Rwanda amene ali ndi kantemba pafupi ndi geti.

Kuyambira pachiyambi mabedi onse ndi a tonse. Timathirira awiriawiri mosinthana, ndipo wothirira naye sumusankha wekha: timalemba maina pa timapepala n'kutola m'chipewa mwezi uliwonse. Loweruka timathyola ndiwo, kuziika milumilu, aliyense n'kutenga mulu wake. Tsopano ena akuti tigawane mabedi, banja lililonse likhale ndi ake, lilime zomwe likufuna ndi kukolola nthawi yomwe lafuna.

Ine ndikukana, ndipo ndinene chifukwa chake mosabisa. Mayi wa ku Congo uja anakhala nyumba yachitatu kuchokera pa yanga kwa zaka zinayi, ndipo chomwe tinkadziwana chinali moni wa pamsewu basi. Chipewa chija chitatiika pamodzi, tinakhala mwezi wathunthu tikukumana mbandakucha pa thanki, iye Chinyanja chake chopereweza, ine wopanda liwu ndi limodzi lomwe la Chiswahili. Pofika sabata yachitatu ndinali nditadziwa kuti anadzera ku msasa wa othawa kwawo wa Meheba asanafike ku Lusaka, kuti ali ndi mwana wodwala mphumu, komanso kuti chigwada chomwe ine ndimangochiphika mothamanga iye amachisinja mpaka chisalale n'kuchitcha sombe. Tikagawana mabedi, aliyense azibwera nthawi yake, kuthirira kwake n'kumapita, ndipo tibwerera ku moni wa pamsewu uja. Kodi ndikulakwitsa?

Mphunzitsi wopuma, Chilenje

Mayi mlembi, mwalemba bwino ndipo mtima wanu ndaumva, koma mundilole nditsutsane nanu pang'ono monga munthu amene wakhala mumzinda uno kuyambira unyamata wake. Kusadziwana kwa anthu a ku Lusaka sikunayambe lero. Mzindawu unakhala likulu mu 1935 m'malo mwa Livingstone, ndipo omwe anaujambula ankaufuna ukhale wa minda ya maluwa ndi misewu yamitengo, koma maluwawo anali a azungu. Munthu wakuda ankawerengedwa ngati wantchito wodutsa, wobwerera kumudzi kontilakiti ikatha. Maina ngati John Laing ndi John Howard amatikumbutsa kuti makomboni ambiri anamera pa malo a mabwana omwe antchito awo ankamangapo tizisakasa, ndipo zinatenga lamulo la 1974 kuti boma liyambe kuwavomereza ngati malo okhalamo anthu. Choncho munthu wa kuno anazolowera kukhala mwendo umodzi m'tauni, wina ku Katete kapena ku Kasama. Wochita lendi amene sakudziwa ngati landilodi amusungabe mwezi wamawa saona chifukwa chodziwira dzina la woyandikana naye.

Tsono pa nkhani ya munda wa onse, ine ndinaona ndi maso anga makopaletivu omwe malemu Kenneth Kaunda analimbikitsa m'zaka za m'ma 1960. Anayamba ndi nyimbo ndi chisangalalo, ndipo ambiri anafa mwakachetechete, chifukwa wakhama anatopa kulimira waulesi. Kwathu ku Chipata dima linkayenda bwino chifukwa munda unali ndi mwini wake: lero tikulima kwa uyu, wafulula mowa kapena thobwa, mawa tili kwa wina. Tinkathandizana, koma nkhokwe inali ya banja. Ine mantha anga ndi akuti mukukakamira pa chinthu chomwe chinagwirizanitsa anthu nthawi ya njala, pamene njala ikachepa akhama adzayamba kuchoka mmodzimmodzi osatsanzika. Ndifunse: mwa amene akufuna kugawanawo, ndi angati omwe ndi aulesi, ndipo ndi angati omwe ndi akhama otopa?

Mayi wa ku Kanyama

Ine ndikuwerenga ndi chidwi chifukwa ife amayi a chilimba chathu takhala tikukambirana zoyamba dimba lotere, koma kuno vuto lathu ndi losiyana ndi lanu. Madzi sitisowa, amatipeza okha m'nyumba. Pansi pa Kanyama ndi mwala, ndipo mvula ikagwa masiku awiri otsatizana madzi sapita kulikonse, amangoima pabwalo n'kusakanizika ndi za m'zimbudzi. Walira mvula walira matope, ife timawadziwa matopewo kuposa aliyense. Mu chilimba tilipo mitundu yosiyanasiyana, ndipo ndalama timadalirana, koma sindinalowepo m'nyumba ya theka la anzangawo, chifukwa ndalama masiku ano timangotumizirana pa foni. N'chifukwa chake nkhani ya chipewa yandikhudza. Funso langa ndi ili: kodi madzi othirira mumawatenga kuti, ndipo amalipira ndani? Ndikufunsa chifukwa kuno mkangano uliwonse wa pa komboni umayambira pa mpopi.

Namwino, Mandevu

Ndisanalowe pa nkhani yogawana, ndiyankheko amayi a ku Kanyama, chifukwa apa pali moyo wa anthu. Lusaka yakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mphako zambiri, ndipo m'makomboni ngati Kanyama, Chawama ndi Misisi madzi apansi ali pafupi kwambiri, moti zomwe zalowa m'chimbudzi chokumba sizichedwa kufika pa chitsime chosaya cha nyumba ina. Tonse tikukumbukira kolera yomwe inayamba mu October 2023, pamene bwalo la National Heroes linasanduka chipatala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka mu February 2024. Chonde musathirire ndiwo zamasamba ndi madzi a m'ngalande kapena a pachitsime chosaya chomwe chili pafupi ndi chimbudzi. Kwezani mabedi, kapena dzalani m'masaka odzaza dothi omwe mungawaike pamwamba pa njerwa mvula ikachuluka, ndipo ndiwo zitsukidwe ndi madzi abwino n'kuphikidwa mokwanira.

Pa za kusungulumwa, ine ndimaziona kuntchito tsiku ndi tsiku. Timafunsa wodwala wachikulire kuti tiimbire ndani, iye n'kutchula mwana amene ali ku Solwezi kapena ku Johannesburg, pomwe pa yadi yomwe akukhala pali mabanja asanu ndi limodzi. Munthu wotere akadwala usiku amagona mpaka kutacha chifukwa alibe chitseko chomwe angagogode popanda manyazi. Ngati dimba likuchititsa kuti munthu akasowa pa thanki m'mawa wina apite kukasuzumira kunyumba kwake, ine ndingapemphe kuti chimenecho chokha musachitaye, kaya mabedi mugawane kaya ayi.

Wophunzira zaulimi, Kalingalinga

Makolo anga, ine ndine wamng'ono pa gulu lino, koma ndiikepo mbali ya ulimi weniweni, chifukwa nayonso ili ndi zonena pa mkanganowu. Tizilombo sitidziwa malire a mabedi. Kambozi ka tomato kotchedwa Tuta absoluta, komwe kanafika m'dziko muno cha mu 2016, kamaboola tsamba n'kukhala mkati mwake, ndipo munthu mmodzi akasiya tomato wake wodwala osamuzula, mabedi onse oyandikana nawo amapita. Nsabwe za pa repu ndi tchayinizi zimachitanso chimodzimodzi kukayamba kutentha mu September ndi October. Palinso nkhani ya kasinthasintha wa mbewu: pamalo pomwe panali tomato kapena impwa sipayenera kubwereranso zomwezo, chifukwa ndi za banja limodzi ndipo matenda ake ndi amodzi, pafunika nyemba, anyezi kapena chibwabwa. Munthu amene ali ndi mabedi awiri okha n'kovuta kuti atsatire zimenezi payekha.

Komabe agogo aphunzitsi akunena zoona kuti bedi lokhala ndi mwini limasamalidwa bwino. Ku Kasisi, komwe ansembe a chipani cha Jesuit akhala akuphunzitsa ulimi wosadalira feteleza wa m'sitolo kwa zaka zambiri, chomwe amatsindika kwambiri ndi dothi: kompositi, kuphimbira nthaka ndi udzu kuti chinyezi chisathawe, ndi mbewu zobwezeretsa chonde. Zonsezi ndi ntchito zolemera kwa munthu mmodzi koma zopepuka pagulu. Maganizo anga ndi akuti pali zinthu zitatu zomwe sizingagawidwe ngakhale mutafuna, zomwe ndi madzi, nazale ndi dzenje la kompositi. Mabedi mukhoza kugawana, koma malamulo a zodzala ndi tsiku lozula zodwala akhale a onse.

Mlembi wa dimba, Matero

Zikomo nonse. Amayi a ku Kanyama, madzi athu amachokera pa chitsime chakuya cha tchalitchi, pampu yamagetsi imakweza m'thanki, ndipo banja lililonse limasonkha kangachepe pamwezi kothandizira magetsi. Mu 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse n'kubwera pakati pa usiku, ndipo apa ndi pomwe bambo wa ku Rwanda analowera. Iye amagona m'kantemba kake, tsono malaiti akangoyaka ankadzuka kukayatsa pampu, popanda womupempha, ndipo kenaka anatibwereka madiramu ake awiri. Muyenera kudziwa kuti bamboyu, kuyambira mu April 2016 pomwe anthu anathyola ndi kuba m'masitolo a anthu a ku Rwanda m'makomboni angapo a mumzinda uno chifukwa cha mphekesera, ankagulitsa kudzera pa kawindo ka zitsulo, ndipo palibe amene anamuonapo atakhala pabwalo la munthu. Lero kiyi wa thanki amasunga ndi iye.

Bambo aphunzitsi, funso lanu landiluma. Kunena zoona sindinawerenge kuti ndani akufuna chiyani, chifukwa nkhaniyi inabwera kudzera mwa wapampando, amene anangoti anthu ena adandaula. Ine ndinangoganiza kuti ndi anyamata awiri omwe amafuna kumagulitsa ndiwo kumsika.

Agogo a m'dimbamo, Matero

Akundilembera ndi mdzukulu wanga chifukwa maso anga sakuonanso bwino pa foni, koma mawu ndi anga. Mwana wanga mlembi, ndiwe munthu wabwino ndipo dimbali lili pomwe lilili chifukwa cha khama lako, koma pa nkhani iyi waona mbali imodzi. Amene anayamba kudandaula si anyamata aja. Ndi mnzako yemweyo wa ku Congo, ndipo anadandaulira ine chifukwa iwe amakuchitira ulemu kwambiri moti sangakutsutse pamaso.

Kodi unayang'anapo bwino Loweruka pomwe tikutenga milu? Ife a kum'mawa timathamangira, tikuseka, tikulandana ndi Abemba aja pachimbuya, wina kunena kuti odya mbewa asayandikire repu, wina kubweza kuti odya anyani adikire. Kwa ife ndi masewera omwe tinawapeza, ofanana ndi a pamaliro pomwe ambuya amatipaka ufa kumaso n'kutilipiritsa. Bambo wa Chilozi nayenso ali ndi Atonga ake oti azinyozana nawo. Koma mayi uja alibe mbuya. Amaima kumbuyo mpaka tonse titatenga, kenaka n'kutola mulu wotsala, womwe nthawi zonse umakhala wochepa kapena wofota. Bambo wa kantemba sabwera n'komwe, amati ali ndi makasitomala, ndipo mulu wake timamutumizira tikakumbukira. Ndinamufunsa mayiyo chifukwa chake, ndipo anandiyankha kuti safuna tsiku lina munthu adzanene kuti mlendo akutha ndiwo za eni dziko. Anati akanakhala ndi bedi lakelake, lomwe walima ndi manja ake, akanathyola masana dzuwa likuswa mtengo popanda kuyang'ana nkhope ya munthu.

Palinso china. Iye amafuna chinangwa chambiri cha masamba, bambo wa Chilozi amafuna lumanda yemwe kwao amati sindambi, ine ndimafuna luni ndi bonongwe monga kwathu ku Chadiza. Koma pa msonkhano tikamavota zodzala, ambiri amapambana, ndipo ambiriwo ndi ife, choncho chaka chonse ndi repu ndi chibwabwa. Chipewa chija ndi chabwino, chinandipatsa inenso mnyamata wa Chibemba amene lero amandinyamulira makala. Koma kuthirira pamodzi ndi kudya mofanana ndi zinthu ziwiri.

Mmalawi wa ku Kamwala

Agogo anena zomwe ine ndakhala nazo mumtima zaka zambiri. Ndinachokera ku Mchinji, chilankhulo changa ndi chomwechi, ku Kulamba ku Mkaika timakagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi mmodzi yemweyo, ndipo munthu sangandizindikire pamsewu kuti ndine wakunja. Komabe pagulu pakakhala zogawana, kaya ndi pamaliro kaya ndi pa komiti ya msika, dzanja langa limabwerera lokha. Ngati zili choncho kwa ine, nanga kwa munthu amene liwu lililonse lomwe watchula limamuulula? Eni mudzi saziona zimenezi chifukwa iwo sanaimepo kumbuyo kwa mzere akuwerengera ngati akuloledwa kutenga.

Mayi mlembi, musamve ngati ntchito yanu yanyozedwa. Kuti mayi uja wafika podandaula, ngakhale kudzera mwa agogo, ndiye kuti wayamba kuliona dimbalo ngati lake, chifukwa mlendo weniweni sadandaula, amangosiya kubwera. Ine ndingalangize kuti mukagawana mabedi, malo ake atoledwenso m'chipewa chomwecho, kuti a kum'mawa asaunjikane mbali imodzi pafupi ndi thanki, akunja n'kukankhidwira kumpanda komwe kuli mthunzi ndi mbuzi. Mukalola anthu kusankha okha, m'dimbamo mumera makomboni ang'onoang'ono.

Mphunzitsi wopuma, Chilenje

Ndavula chipewa kwa agogo. Ine ndimaganiza za waulesi ndi wakhama, osadziwa kuti pali wachitatu amene akugwira ntchito mofanana ndi anzake koma akudya mwamantha. Pa zothirira awiriawiri ndasintha maganizo, zisungeni, ndipo awiriwo azithirira mabedi a onse, osati awo okha, kuti munthu akadwala ndiwo zake zisafe. Koma mantha anga ena akadalipo. Malowo ndi a tchalitchi ndipo chilolezo chanu ndi cha pakamwa. Abusa amasamutsidwa, ndipo wobwerayo akhoza kufuna kumangapo holo kapena malo oimika galimoto, makamaka poona kuti ambiri olimapo si a mumpingo wake. Malo oyeretsedwa kale mumzinda uno sachedwa kupeza mwini watsopano. Pemphani kalata yosainidwa ndi akuluakulu a mpingo, ndipo khansala wa wadi yanu adziwe kuti mulipo. Mu 2022 ndalama za boma zotukulira madera, zotchedwa CDF, zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu kuchoka pa K1.6 miliyoni, ndipo mbali ina imapita ku magulu a amayi ndi achinyamata, koma amafuna gulu lolembetsedwa. Ndikuchenjezeni chabe kuti ndalama zikalowa, mikangano yomwe muli nayo lero idzaoneka yaing'ono.

Wophunzira zaulimi, Kalingalinga

Pa chinangwa cha mayi uja, chisadzalidwe pakati pa mabedi chifukwa chimatalika n'kuphimba ndiwo zina. Chikhale mzere wa m'mphepete mwa mpanda, ndipo lumanda akhoza kutsatana nacho popeza naye amakula ngati kachitsamba ndipo safuna madzi ambiri. Ngati mungandilole, ndibwera Loweruka ndi chingwe choyezera.

Mlembi wa dimba, Matero

Ndawerenga mawu a agogo katatu. Poyamba ndinapsa mtima, chifukwa munthu amene ndimamutcha mnzanga, amene ndinagona naye kuchipatala usiku womwe mwana wake anabanika, sanathe kundiuza zimenezi yekha. Kenaka ndakumbukira kuti milu ija ndimaika ndine, ndipo sindinayang'anepo kuti wotsiriza kutenga ndi ndani. Sindinavomereze kwathunthu zogawana, chifukwa ndikuopabe kuti anyamata ogulitsa aja azifuna madzi ochuluka kuposa ena, ndipo sindikudziwa kuti tidzaweruza bwanji. Koma Loweruka ndikapereka maganizo awa: mabedi agawidwe potola m'chipewa, madzi, nazale ndi kompositi zikhale za onse, awiriawiri apitirire, ndipo mabedi awiri atsale a gulu kuti ndiwo zake zizipita kwa odwala ndi pamaliro. Bambo wa kantemba ndikamufunsa ndekha ngati akufuna bedi, chifukwa n'kutheka kuti nayenso takhala tikumuganizira m'malo momufunsa. Wophunzira, bwerani ndi chingwe chanu, timayamba 7 koloko. Madzulo ano ndipita kwa mnzanga uja, ndipo sindinadziwebe kuti nkhaniyi ndikaiyamba bwanji popanda kuwaulula agogo.

Agogo a m'dimbamo, Matero

Undiulule, palibe kanthu. Anandiuza akudziwa kuti pakamwa panga sipasunga.

Mayi wa ku Kanyama

Amayi mlembi, ngati sikukhala kulowerera, ine ndi anzanga awiri a chilimba tikufuna tidzakhale nawo Lowerukalo, tidzangokhala kumbuyo n'kumamvetsera. Tikwera basi ya m'mawa kudzera m'tauni. Ngati muli ndi mphukira za kalembula zotsala mutisungireko, masaka tapeza kale.